Pamene Alimi Anagwira Okha Kope la Kafukufuku

Mamembala anzanga, pokondwerera zaka 10 za kopaletivi yathu kuno ku Mbayani, ndiloleni ndikukumbutseni mbiri ya ntchito yanga ino ya ulangizi, poti sinayambe bwino ayi.

Akuluakulu amakumbukira malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950. Boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunda migula yotchinga madzi, ndipo wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena mpaka kundende. Migulayo inalidi yothandiza nthaka, komatu anthu anaida chifukwa panalibe anawafunsa. Mkwiyo umenewo unathandiza chipani cha Nyasaland African Congress kupeza anthu m'midzi. Mlangizi ankaopedwa ngati wapolisi.

Tsono yerekezani ndi zimene zinayamba ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, m'chaka cha 2000. Ogwira ntchito pachipatala cha mishoni, monga mayi Esther Lupafya, pamodzi ndi Rachel Bezner Kerr wa ku Canada, anatopa kuona ana onyentchera akubwerabwera. Anayambitsa bungwe la Soils, Food and Healthy Communities. Midzi inasankha yokha alimi oti akhale ofufuza. Iwo ankayesa nandolo, mtedza, soya ndi kalongonda m'minda yawo, n'kumauzana zimene aona.

Mwina mukuti zinayenda myaa. Ayi ndithu. Mtedza unabereka, koma m'makomo ena bambo ankaugulitsa ndalama n'kuthera kumowa, mwana osalawako. Amayi ankadandaula kuti ntchito yokwirira zinyalala yawachulukira. Agogo aakazi, amene mawu awo ndi olemera pa kadyetsedwe ka mdzukulu, sanakondwe kuuzidwa zochita ndi apongozi awo achitsikana. Ofufuzawo akanatha kunena kuti zimenezo n'zam'banja, sizikukhudza nthaka. M'malo mwake anaitana agogo, abambo ndi amayi kukhala pamodzi, ndipo anakonza masiku ophika pagulu, abambo nawo atagwira mthiko. Kwa ine, apa ndi pamene panagona ntchito yonse. Pambuyo pake sikelo inaonetsa kuti ana a m'mabanja amene anakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino.

Boma lidachedwa, paja likulu silithamanga. Koma mu 2016 linavomereza njira yobzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi kuti ife alangizi tiziiphunzitsa, njira imene alimi anali atayesa kwa zaka zambiri.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Nditangofika kuno ndi satifiketi yanga, ndinkalankhula ndekha msonkhano wonse. Tsiku lina mayi wina anandidula: "Alangizi, manyowa mukunenawo tikasenza bwanji kuchoka kuno mpaka kumunda ku Chileka?" Ndinachita manyazi, ndinapsanso mtima pang'ono, sindinama. Koma yankho ndinalibe. Sabata yotsatira kope lolembamo zoyesa zathu ndinalipereka kwa iwowo, ndipo mpaka lero ndikafuna kuona za chaka chatha ndimachita kukapempha.