Kugwa kwa Nsingo, Mwana wa Mpezeni

Akulu akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo komweko nthawi zina kamaceka mwini mudzi, ndipo mbiri ya Nsingo, mwana wa Mpezeni, icitira umboni zimenezi.

Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira, mtundu unagawikana, ndipo mwana wace Mpezeni, atayendayenda zaka zambiri, anadzakhazikika m'dziko limene lero kuli Chipata. Acewa ndi Ansenga a ca ku Vubwi, Katete ndi Sinda anaona zoopsya ndi nthungo zace. Ena anagonja, ena anathawira kumapiri.

Tsono kunadza Mjeremani wamalonda a minyanga, dzina lace Karl Wiese. Mfumu inamkonda, pakuti anabwera ndi nsaru, mfuti ndi onga, ndipo inamlola kufunafuna miyala ya mtengo wace. Cilolezo cimeneco cinagulitsidwa kwa eni cuma a ku London, ndipo m'caka ca 1895 kunabadwa North Charterland Exploration Company, imene inayesa dziko lonselo ngati lace. Azungu anakhulupirira kuti pansi pa makola a Angoni panali golide wambiri.

Mpezeni anali atakalamba, nafuna kukhala nao mwamtendere alendowo. Nsingo sanatero ai. Iye ndiye anali wodzalowa ufumu ndi mtsogoleri wa anyamata ankhondo, amene anafunitsa kumveketsa maina ao monga anacitira makolo ao. Anaona bwino lomwe kuti alendo anadzera dziko, ndipo pamenepo sanalakwe. Cimene sanaciyese ndico mphamvu ya mfuti zao.

M'mwezi wa December 1897 ankhondo ace anazinga Wiese ndi anzace ku Luangeni. Ici ndico cifukwa cimene Azungu anali kuyembekeza. M'January 1898 asilikali anacokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ali ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Zishango za zikopa sizinathe kucinjiriza zipolopolo, ndipo m'masiku owerengeka nkhondo inatha. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. M'February Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikali, naomberedwa. Atate ace anasungidwa ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji. Anabwerera kwao ali wosweka mtima, namwalira m'caka ca 1900.

Golide uja anapezeka wocepa ndithu. Koma dziko linatsala m'manja mwa kampani, ndipo Angoni pamodzi ndi Acewa anapanikizana m'malo osakwanira kufikira 1941, pamene Boma linagula mbali yaikuru ya dzikolo. Msonkho utayamba, ana a ankhondo aja anatula nthungo, nayenda ulendo wa pansi kunka ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Inu a pamigodi, njira imene munaitsata inalambulidwa masiku amenewo.

Angoni sanamuiwale Nsingo. Mwana wace ndiye analowa ufumu wa Mpezeni, ndipo Ncwala, imene inaleka nkhondo itatha, inaukanso m'caka ca 1980. Ena amati anataya mtundu ndi liuma. Ena amati iye yekha ndiye anapenya cimene cinali kudza. Onsewo anena zoona, ndipo m'menemo ndimo muli cisoni ca mbiri yace.