Ndani amayang'anira anthu oteteza ana m'midzi yakutali ya ku Mulanje?

Mwana akapezeka pachiopsezo m'mudzi wa kuseri kwa phiri la Mulanje, woyamba kumva nkhani yake kawirikawiri amakhala mphunzitsi, mlezi wa kusukulu ya mkombaphala, mkulu wa mpingo, nyakwawa kapena malume ake. Malamulo a dziko lino amalola aliyense mwa anthu amenewa kuchitapo kanthu, ngakhale kumuchotsa mwanayo pakhomo pomwe akuzunzidwa. Mphamvu yochotsa mwana m'manja mwa makolo ake ndi yaikulu, ndipo ikhoza kumupulumutsa kapena kumupweteka. N'chifukwa chake malamulo omwewo adaika mabwalo a milandu, maofesi ndi mabungwe oti aziyang'anira aliyense wolowerera pa moyo wa mwana. Vuto ndi lakuti oyang'anirawo ali paboma ndi m'mizinda, pamene anawo ali kumudzi.

Boma la Mulanje ndi ana ake

Boma la Mulanje lili m'chigawo cha kummwera ndipo lidachita malire ndi dziko la Mozambique. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 680,000, ambiri mwa iwo Alhomwe ndi Amang'anja. Mitundu imeneyi imatsata chikamwini, choncho ana amawerengedwa kuchikazi ndipo mwinimbumba, yemwe amakhala mlongo wa mayi, ali ndi mawu aakulu pa za moyo wawo.

Malo olima ndi ochepa. Gawo lalikulu la bomali ndi phiri, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo nthaka yachonde ya m'munsi mwake idatengedwa ndi minda ya tiyi kuyambira zaka za m'ma 1890, nthawi yomwenso thangata adazika mizu. Mabanja ambiri amadalira timinda ting'onoting'ono ndi maganyu. Chakudya chikatha m'nyumba, ana ndi omwe amayamba kujomba kusukulu n'kumakasenza nkhuni, kugulitsa malonda m'misika kapena kuwoloka malire a Muloza kukafuna ganyu ku Milange. Ena amatengedwa kupita ku Limbe ndi ku Blantyre kukagwira ntchito za m'nyumba, ndipo atsikana ena amakwatiwa msinkhu usanakwane. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adaonetsa kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 20 ndi 24 adalowa m'banja asanakwanitse zaka 18.

Zomwe malamulo amanena

Maziko a chitetezo cha ana ali m'ndime 23 ya malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, yomwe imapatsa mwana ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso wotetezedwa ku ntchito ndi chilango zomwe zingaononge thanzi kapena maphunziro ake. M'mwezi wa Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha ndimeyi kuti mwana akhale munthu aliyense wosakwana zaka 18, m'malo mwa zaka 16. Izi zidatsatira lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015, lomwe lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. M'chaka chomwecho cha 2015 mudakhazikitsidwanso lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito zoopsa aliyense wosakwana zaka 18.

Lamulo lomwe limalongosola mwatsatanetsatane za kulowerera pa moyo wa mwana ndi la Child Care, Protection and Justice Act la m'chaka cha 2010. Limaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja, kumupereka ngati chikole cha ngongole ndi kumuchititsa miyambo yoononga thanzi lake. Limafotokozanso mwana yemwe akufunika chisamaliro ndi chitetezo, monga wozunzidwa, wotayidwa kapena wosowa womusamalira. Dziko la Malawi lidavomerezanso pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana m'chaka cha 1991, ndipo limayenera kupereka malipoti ku komiti yoona za panganoli ku Geneva.

Maola 48

Malinga ndi lamulo la m'chaka cha 2010, wapolisi, wogwira ntchito ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, mfumu kapena munthu wamba wa m'deralo akhoza kutenga mwana yemwe ali pachiopsezo n'kumusunga mongoyembekezera kapena kumupititsa kumalo otetezeka. Koma mwanayo ayenera kukaonekera kubwalo la milandu ya ana pasanathe maola 48. Bwalolo ndilo limagamula ngati mwanayo abwerere kwa makolo ake moyang'aniridwa, apite kwa wachibale, aleredwe ndi banja lina kapena akhale kumalo osungirako ana.

Malire a nthawi amenewa ndiwo mtima wa dongosolo lonse. Amatsimikiza kuti maganizo a munthu mmodzi, ngakhale atakhala abwino chotani, aunikidwe ndi majisitireti, ndiponso kuti dzina la mwanayo lilembedwe pamalo pomwe angadzafunidwepo. M'tauni maola 48 ndi okwanira. Kwa munthu wa m'mudzi wa kumalire, ulendo wofika paboma umafuna ndalama ya kabaza ndi minibasi, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje yochokera kuphiri monga Ruo, Muloza ndi Likhubula imadzaza msanga n'kudula njira. Zikatero nkhani zambiri zimathera pabwalo la mfumu, pomwe mlandu wogwiririra mwana ukhoza kusanduka nkhani ya chindapusa cha mbuzi, chikhalirecho lamulo limafuna kuti mlandu wotere upite kupolisi.

Oyang'anira ndi ntchito zawo

Kuyambira m'chaka cha 1998, pomwe ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono zidakhazikitsidwa, ntchito zambiri za chisamaliro cha ana zili pansi pa khonsolo. Ofesi ya chisamaliro cha anthu ya paboma imafufuza nkhani za ana, kulemba malipoti opita kubwalo la milandu ndi kuyendera malo osungirako ana. M'madera a mafumu monga Mabuka, Chikumbu, Mthiramanja ndi Njema ofesiyi imadalira alangizi oteteza ana, omwe ena amalandira malipiro a boma ndipo ena ndi ongodzipereka, pamodzi ndi makomiti a m'midzi. Apolisi ali ndi nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo nambala yaulere ya 116, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO, imalandira madandaulo kuchokera m'dziko lonse.

Pamwamba pa amenewa pali oyang'anira a dziko lonse. Unduna woona za ana ndi chisamaliro cha anthu umapereka chilolezo kwa malo osungirako ana ndipo ukhoza kutseka omwe sakutsata malamulo. Lamulo la m'chaka cha 2010 lidakhazikitsa bodi ya Child Case Review Board, yotsogozedwa ndi woweruza wa bwalo lalikulu la High Court, kuti iziyendera malo omwe ana akusungidwa ndi kuunikanso nkhani zawo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lili ndi mphamvu yofufuza kuphwanyidwa kwa ufulu wa ana ndipo lakhala likuyendera malo osungirako ana, pamene ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo okhudza ogwira ntchito m'boma omwe alephera udindo wawo. Mabungwe omwe si aboma amalembetsa ku NGORA, yomwe idakhazikitsidwa lamulo la mabungwe litasinthidwa m'chaka cha 2022.

Malo osungirako ana

Mliri wa Edzi utasiya ana amasiye ambiri m'zaka za m'ma 1990, mipingo ndi mabungwe adatsegula malo osungirako ana m'madera osiyanasiyana. Ambiri adagwira ntchito yotamandika, koma zidadziwika pambuyo pake kuti ana ochuluka m'malo otere ali ndi kholo limodzi kapena achibale amoyo, ndipo chidawafikitsa kumeneko ndi umphawi. Malangizo a United Nations a m'chaka cha 2009 amanena kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kubanja lake. Boma la Malawi, mothandizidwa ndi UNICEF, lidayamba ntchito yobwezera ana kwa achibale awo, ndipo ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006 n'kufalikira m'maboma onse, imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa kuphatikizapo kangachepe kowonjezera kwa ana omwe ali pasukulu.

Nkhani yomwe idaonetsa poyera kulemera kwa udindo wa mabwalo idachokera ku Thyolo, boma loyandikana ndi Mulanje. M'mwezi wa Epulo 2009 bwalo la High Court lidakaniza woyimba wa ku America, Madonna, kutenga mtsikana wa kumalo osungirako ana a Kondanani, pa chifukwa chakuti sadali wokhala m'dziko muno monga lamulo limafunira. Bwalo la Supreme Court lidasintha chigamulocho m'mwezi wa Juni chaka chomwecho. Anthu adagawikana maganizo, komabe nkhani ya mwanayo idamvedwa ndi mabwalo awiri ndipo zigamulo zake zidalembedwa. Ana ambiri a m'midzi yakutali amasamutsidwa kuchoka pakhomo lina kupita pa lina popanda pepala lililonse.

Namondwe wa Freddy

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a kummwera, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali m'gulu la maboma omwe adakhudzidwa kwambiri. Anthu oposa 1,000 adamwalira m'dziko lonse ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Milatho idakokoloka, midzi ina idakhala yosafikirika kwa masiku angapo, ndipo sukulu zidasanduka misasa. Nthawi ngati imeneyi ana amalekana ndi makolo awo, anthu achifundo amabwera ochuluka, ndipo zimavuta kusiyanitsa wothandiza ndi wofuna kudyerapo. Chomwe chimateteza mwana pamenepo ndi kaundula wa mayina pamsasa, kufufuza achibale ake, ndi lamulo lakuti asachotsedwe popanda ofesi ya chisamaliro cha anthu kudziwa. Chiphaso cha kubadwa, chomwe ndi chokakamiza kuyambira m'chaka cha 2015, chimathandizanso kutsimikiza msinkhu ndi makolo a mwana.

Phunziro lochokera ku Australia

Funso la kayang'aniridwe ka anthu olowerera pa moyo wa ana a m'midzi yakutali lidavutitsa kwambiri dziko la Australia. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka zaka za m'ma 1970, maboma ndi mipingo kumeneko adachotsa ana ambirimbiri a mtundu wa Aborijini, eni nthaka a dzikolo, kwa makolo awo ponena kuti akuwateteza. Lipoti la m'chaka cha 1997 lidaulula kuzunzika kwa ana amenewa, ndipo pa 13 Febuluwale 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd adapepesa m'Nyumba ya Malamulo. M'chaka cha 2007, lipoti lina litanena za kugwiriridwa kwa ana m'chigawo cha Northern Territory, boma la John Howard lidalowerera m'midzi 73, lidayamba kuyang'anira theka la ndalama za chithandizo zomwe mabanja ankalandira, ndipo lidaimitsa lamulo loletsa tsankho la m'chaka cha 1975 kuti zimenezi zitheke. Olemba lipotilo adali atapempha kuti boma liyambe lakambirana ndi eni midzi, ndipo ambiri adadandaula kuti pempholi silidatsatidwe.

Mbiri ya Mulanje ndi yosiyana, popeza anthu ake sakulamulidwa ndi mtundu wobwera. Chofanana ndi chakuti zisankho zokhudza ana a kutali zimapangidwa ndi anthu omwe sakhala nawo. Australia idaphunzira kuti mwana wochotsedwa pakhomo ayambe waperekedwa kwa achibale kapena kwa anthu a mtundu wake. Ku Mulanje mbumba idakalipo, ndipo dongosolo lomwe limadutsa mwinimbumba ndi agogo limataya anthu omwe amamudziwa mwanayo kuposa wina aliyense. Koma nthawi zina wozunza mwana amakhala wachibale yemweyo, ndipo apa ndi pomwe diso la boma limafunika.

Udindo wa anthu a m'tauni

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu ndi womwe umatsegulira njira ana ambiri ochoka ku Mulanje kupita m'nyumba za m'mizinda, polonjezedwa sukulu. Wolandira mwana wotere ali ndi udindo womwe lamulo limaika pa aliyense wosunga mwana, ndipo kumugwiritsa ntchito m'malo momutumiza kusukulu kukhoza kukhala mlandu. Wopereka thandizo kumalo osungirako ana ali ndi ufulu wofunsa ngati malowo ali ndi chilolezo cha unduna, ngati mwana aliyense adafikapo kudzera kubwalo la milandu kapena ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndiponso kuti oyendera adafikako liti komaliza. Womva za mwana wozunzidwa akhoza kuimba pa 116, kupita kupolisi kapena ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ya boma lomwe mwanayo akukhala, ndipo patapita masiku ayenera kubwererako kukafunsa komwe nkhaniyo yafika.