DCLXVI: Manambala a Aroma Sanatisiye

Kuno ku Barking, ambirife timangodutsa pa mabwinja a Barking Abbey, pafupi ndi tchalitchi cha St Margaret, tikuthamangira basi. Mbiri imati nyumba ya masisitere imeneyi anaikhazikitsa Erkenwald cha m'chaka cha 666, ndipo mlongo wake Ethelburga ndiye anali mkulu wake woyamba. Alembi akale sakanalemba chakacho monga talembera apa. Akanalemba DCLXVI: D ndi 500, C 100, L 50, X 10, V 5, I 1. Zilembo zonse zandandalika, chachikulu patsogolo. Wasowa M yekha, wa 1000.

Aroma anatengera kalembedweka kwa anansi awo a ku Italy, Aetruscan, ndipo akatswiri ambiri amati kanayamba ngati timizere togoba pa ndodo powerenga ziweto. Ziro analibe. Nanga ankawonkhetsa bwanji? Ankasuntha timiyala pa thabwa, ngati akusewera bawo. Kamwala koteroko m'Chilatini ndi calculus, ndipo mpaka lero madokotala amatchula choncho mwala wa mu impso.

Manambala athu a masiku onsewa anachokera ku India kudzera kwa Aluya. Fibonacci anawafalitsa ku Ulaya ndi buku lake la Liber Abaci mu 1202, koma Angerezi ndi anthu okakamira zakale, inu. Boma lawo linkasungabe mbiri ya ngongole pa ndodo zogoba mpaka 1826. Mu 1834 pozitentha ndodozo, moto unalusa n'kupsereza nyumba ya malamulo ku Westminster. Wotchi ya Big Ben inabwera pomanganso, ndipo mukaiyang'anitsitsa ili ndi IV pomwe mawotchi ambiri otere amalemba IIII.

Kwathu manambalawa akhazikika pa maina a mafumu. Gomani I ndi amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896; Gomani II ndi uja anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953. Mzere umodzi wokha, koma anthu awiri osiyana.

Kumene amandidetsa nkhawa ine monga namwino ndi m'makalata a kuchipatala. Khansa amaiika m'magawo, I mpaka IV. Stage II kawirikawiri ndiye kuti ikadali pafupi ndi pomwe inayambira, pamene Stage IV yafalikira ku ziwalo zina. Achikulire athu obwera kudzacheza ena amawerenga II ngati 11, n'kusowa tulo usiku wonse. Matenda osaundana magazi aja, haemophilia A amasowa Factor VIII, B amasowa Factor IX. Mankhwala ake ndi osiyana, ndiye kholo liyenera kutchula bwino mwana akafika naye mwadzidzidzi. Kenako pali IV wa pa diripi. Ameneyo si 4 ayi, ndi chidule chabe chonena kuti mankhwala alowere mumtsempha.