Kuthyola nyumba popanda chothyoka

Mneni woti kuthyola kwawo n'kumunda ndi kuthengo. Timathyola nkhwani, ana amathyola mango osapsa, wotola nkhuni amathyola nthambi youma pabondo. Mneniyu ali ndi mnzake wobadwa naye tsinde limodzi, kuthyoka, monga zilili ndi kudula ndi kuduka, kapena kuboola ndi kubooka. Woyamba amaloza wochita, wachiwiri amaloza chimene chaonongeka. N'chifukwa chake tikamva kuti uje amugamula zaka zakutizakuti pa mlandu wothyola nyumba, khutu limadikira mnzake uja. Chathyoka n'chiyani? Loko, chitseko kapena mpiringidzo?

Lamulo lilibe nazo ntchito zimenezo. Buku la malamulo a milandu yaupandu la Malawi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930 dziko lino likadali Nyasaland, limati wotsegula chitseko kapena zenera lotseka, kaya pokankha, pokoka, ponyamula kapena ndi kiyi, wathyola nyumbayo. Wogwirizana ndi munthu wa m'nyumbamo kuti amutsegulire nayenso wathyola, ngakhale sanakhudze loko. Gawo 309 limaugawa pawiri mlanduwu: ukachitika masana ndi housebreaking, ukachitika usiku ndi burglary. Ife tili ndi liwu limodzi basi, ndipo womasulira m'khoti amangowonjezerapo kuti "usiku".

Liwu loti burglary linachokera ku Chilatini cha m'makhoti akale a ku England, momwe wothyola nyumba ankamutcha burgator kapena burglator. Akatswiri ambiri amalilumikiza ndi burg, mudzi wotchingidwa ndi linga. Mkati mwa liwulo mulibe kuba. Muli mpanda ndi munthu amene waudutsa, ndipo katswiri wa malamulo Edward Coke anaufotokoza mlanduwu motero: kuthyola ndi kulowa m'nyumba yogonamo ya wina, usiku, ndi cholinga chochita mlandu waukulu. Wotuluka chimanjamanja sapulumuka nazo.

Angerezi eni ake anazitaya zonse ziwiri, kuthyola ndi usiku, m'lamulo lawo la Theft Act la 1968, n'kusiya mawu oti kulowa popanda chilolezo. Mikangano ya pa apilo inangosamukira pa mawu otsalawo. Mu 1976 khoti la apilo linamva mlandu wa Jones ndi Smith, anyamata amene analowa usiku m'nyumba ya bambo ake a Smith n'kunyamula ma TV awiri. Bamboyo anauza khoti kuti mwana wake ndi wololedwa kulowa m'nyumbamo nthawi iliyonse. Oweruza anati chilolezo cha kholo n'cholowa ngati mwana, ndipo wolowa ndi mtima wodzaba wachipyola. Chigamulo sichinasinthe.

Wondiseketsa ine ndi mlandu wa Ryan wa mu 1996. Mkuluyu anapezeka pakati pa usiku atapanikizika pazenera, mutu ndi mkono umodzi zili mkati, thupi lonse lili panja, mpaka anadzamuwonjola ndi ozimitsa moto. Pa apilo anati sanalowe, pakuti mmene analilimo sakanatha kuba kanthu. Khoti linakana: mbali ya thupi ikalowa, munthu walowa.

Liwu loti apilo, lomwe lamveka m'milandu iwiriyi, ndi mlendo amene tinamulandira kalekale. Anachokera ku appeal, ndipo gwero lake ndi appellare wa Chilatini, kuitana munthu kapena kumudandaulira. Tili ndi liwu lathu, kumang'ala, koma siligwira ntchito yofanana. Womang'ala amayambitsa nkhani, ndipo mboni zimaitanidwa. Wochita apilo nkhani yake inatha kale. Akuitana woweruza wamkulu kuti awerenge zimene zinalembedwa m'khoti laling'ono n'kuona pamene mnzake anaphonya. Ambiri amapita ku apilo akuganiza kuti akafotokozanso zonse kuyambira pachiyambi, ndipo amakhumudwa, chifukwa kawirikawiri mboni siziitanidwanso. Ku Malawi ufulu umenewu uli m'gawo 42 la malamulo aakulu a dziko, ndipo njira yake imachoka kwa majisitireti kupita ku High Court, kenako ku Supreme Court of Appeal.

Kwathu kuno Ryan sakanavutitsa n'komwe oweruza, chifukwa lamulo lathu linanena kale kuti munthu walowa pamene mbali iliyonse ya thupi lake, kapena ya chida chimene wagwira, ili mkati. Wokowa zovala ndi waya pazenera ndiye kuti walowa. Chimene loya wochenjera angafunse pa apilo n'chakuti zeneralo analitsegula ndani. Ngati mwini nyumba analisiya pululu chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala, kuthyola palibe, ndipo wakubayo ayenera kuyankha mlandu wina wocheperapo.