Kalipentala amene anabira pansi pa madzi oundana

Ine ndinaphunzira kubira m'madzi ofunda a m'Nyanja ya Malawi. Kumeneko mpweya ukakuchepera umangotukula mutu n'kuvuuka paliponse. N'chifukwa chake mbiri ya anthu obira pansi pa madzi oundana imandiimitsa mutu. Kwa iwo pamwamba pali denga lolimba, ndipo khomo lotulukira ndi limodzi lokha, lomwe analowera.

Ku Antarctica mbiriyi inayamba ndi sitima yomwe inakanirira. Mu Ogasiti 1901 sitima ya ku Germany yotchedwa Gauss inanyamuka ku Kiel, mtsogoleri wa ulendowo ali Erich von Drygalski. Inaima ku Cape Town, kenako inalunjika kummwera. Mu Febuluwale 1902 madzi oundana anaitsekereza, ndipo anthu ake anatha nyengo yonse yachisanu ali pomwepo. Sitima yamatabwa ikapanikizidwa chotero imafunika kuiona kunsi, chifukwa ikawonongeka ndiye kuti anthu onse sabwerera kwawo. Amene anatsikira kumeneko sanali wasayansi kapena kapitawo. Anali kalipentala wa m'sitimamo, Willy Heinrich.

Nthawi imeneyo masilinda oberekera kumsana anali asanafale. Heinrich ankavala chisoti cholemera chachitsulo, ndipo mpweya unkamufika kudzera m'paipi, anzake akupopa pamwamba. Madzi a m'nyanja yamchere amayamba kuundana akazizira kufika pafupifupi madigiri -1.9, ndipo m'madzi otere ndi momwe ankagwira ntchito yokonza sitima. Iye ndiye amadziwika kuti anali woyamba kubira pansi pa madzi oundana a ku Antarctica. Pambuyo pake amalinyerowo anamwaza phulusa mumzere wautali kuti likoke kutentha kwa dzuwa n'kusungunula njira, ndipo mu Febuluwale 1903 Gauss inamasuka.

Zinthu zinasintha mu 1943 pamene Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga Aqua-Lung, chipangizo chomwe chinalola munthu kusenza yekha mpweya wake. Wobira akanatha tsopano kutsika popanda paipi yochokera pamwamba, koma panabwera vuto lina. Mpweya ukamatuluka m'silinda umazizira kwambiri, moti m'madzi achisanu kachipangizo kopumirako kamatha kuundana n'kuyamba kutaya mpweya osaleka. Ndiye chifukwa chake obira m'malo otere amanyamula tiwiri.

M'zaka za m'ma 1960 asayansi a ku America anayamba kubira kawirikawiri ku McMurdo Sound. Mmodzi wa iwo, Paul Dayton, anaika tizikwere tawaya pansi pa nyanja kuti aone mmene masiponji ndi zamoyo zina zimakulira ndi kudyerana m'madzi ozizirawo. Mpaka lero kumeneko amaboola madzi oundana okhuthala pafupifupi mamita awiri, n'kuika kanyumba kofunda pamwamba pa dzenjelo. Amatsitsa chingwe chokhala ndi nyali zothwanima kuti wobira asataye khomo. M'maiko ena amam'mangirira chingwe, mnzake n'kutsala pamwamba atachigwira, ndipo amalankhulana pochikoka. Nthawi zina dzenjelo amalimbirana ndi akatumbu a m'nyanja otchedwa Weddell, omwe nawonso amafuna popumira.

Ndikaiyang'ana mbiri yonseyi, ndimaona kuti zida zasintha kwambiri koma chinthu chimodzi sichinasunthe: wolowa pansi moyo wake amausiya m'manja mwa wotsala pamwamba. Pa mapu pali phiri la Gaussberg, lotchedwa dzina la sitima, ndiponso dera lomwe analitcha dzina la mfumu Wilhelm II. Koma ine ndikamawerenga za ulendowu, maganizo anga amapita kwa kalipentala uja ali mumdima kunsi kwa sitima, ndi kwa anzake omwe anaima pachisanu, manja atachita dzanzi, osaleka kupopa.