Onga woyenera mfuti ya gogodera ndi muyezo wake

Mfuti ya gogodera ndi yomwe onga ndi chipolopolo amazilowetsera kukamwa kwake, kenako nkuzisindikiza ndi ndodo mpaka zifike pansi pa mpope. Mfutizi zidafala kuno m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Lero zimapangidwabe m'mafakitale, ndipo ku United States madera ambiri ali ndi nyengo yapadera ya ulenje wa mfuti zotere. Poti mwini mfuti amadziyezera yekha onga, kulakwitsa pang'ono kungamudulitse zala, kumuchititsa khungu kapena kumupha.

Mitundu ya onga

Onga wakuda, wopangidwa ndi makala, sulufule ndi mchere wotchedwa saltpetre, ndiye woyenera mfutizi. Palinso wina wopangidwa kuti ulowe m'malo mwake, monga Pyrodex ndi Triple Seven wa kampani ya Hodgdon.

Woopsa ndi onga wopanda utsi, womwe Paul Vieille wa ku France adautulukira mu 1884, ndipo ndi umene uli m'zipolopolo za mfuti zamakono. Ukayaka, mphamvu yake imaposa kutali imene mpope wa gogodera ungapirire, motero mpopewo umaphulika m'manja mwa wowombera. Mtundu wake usakunyengeni: onga wopanda utsi umathanso kuoneka wakuda. Chodalirika ndi dzina lolembedwa pachitini chochokera kufakitale. Onga wosadziwika gwero lake, wokhuthula m'zipolopolo kapena wosakaniza mitundu iwiri usalowe m'mfuti.

Kukula kwa timibulu

Onga wakuda amausiyanitsa ndi chilembo F. Zilembo zikamachuluka, timibulu timachepa ndipo timayaka mofulumira. Fg ndi wa mizinga ndi mfuti zazikulu kamwa. FFg ndi wa mfuti za .50 kupita m'mwamba, pomwe FFFg ndi wa mfuti zocheperapo ndi mapisito. FFFFg ndi woyatsira chabe, wothira pakambale ka mfuti zoyaka ndi mwala, osati mumpope.

Muyezo

Onga amauwerengera mu ma grain, ndipo ma grain 100 ndi pafupifupi magalamu 6.5. Amauyeza ndi kachibekete kamkuwa kokhala ndi manambala. Pa mfuti ya .50 alenje ambiri amayambira pa ma grain 50 nkumawonjezera pang'onopang'ono, koma malire ake ndi omwe adalembedwa m'buku la wopanga mfutiyo. Triple Seven ndi wamphamvu kuposa onga wakuda, choncho muyezo wake umatsika ndi 15 pa 100 alionse. Chipolopolo cholemera chimawonjezeranso mphamvu yokankha makoma a mpope.

Poika onga

Musathire onga mumpope kuchokera m'chitini: kakhala kamoto kotsalira mkatimo kangayatse chitini chonse. Thirani kaye m'kachibekete. Sindikizani chipolopolo mpaka chikhale pa onga, chifukwa mpata wotsala pakati pake umatupitsa kapena kung'amba mpope. Lembani mzere pandodo yosindikizira kuti muzidziwa ngati mfuti ili kale ndi onga, popeza kuthira kawiri kwavulaza ambiri. Mfuti ikakana kulira, ilozetseni kopanda anthu kwa mphindi yathunthu, pakuti nthawi zina onga umayaka mochedwa. Mukamaliza tsukani mpope tsiku lomwelo, poti mwaye wa onga wakuda umakoka chinyontho nkuyambitsa dzimbiri.

Mfuti zosula kumudzi

Zonsezi zikunena za mfuti ya kufakitale yomwe mpope wake udayesedwa. Gogodera wosulidwa ndi paipi ya madzi alibe muyezo wotetezeka ngakhale umodzi, chifukwa palibe amene akudziwa malire a chitsulo chake. Komanso m'Malawi muno kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, monganso kusaka nyama m'nkhalango zotetezedwa ngati Liwonde ndi Kasungu.