Kuwerenga Omvera Wailesi ndi Podikasiti m'Mbali mwa Nyanja ku Nkhata Bay

Iyi ndi ntchito yoyerekeza kuchuluka kwa anthu otchera khutu, pamodzi ndi misinkhu yao, zilankhulo zao ndi kumene akhala. Kalembera wa 2018, amene anachititsa a National Statistical Office, anapeza kuti m'Malawi banja limodzi mwa atatu alionse lili ndi wailesi. Koma popeza wailesi imodzi pa doko la Kande kapena Chintheche imazingidwa ndi asodzi osoka maukonde, amayi oyanika usipa ndi ana omwe, wowerenga mawailesi okha saona khamu lenileni. Chifukwa chake nyumba zoulutsira mawu, monga Usisya Community Radio, zimayang'ananso oimba foni, otumiza mauthenga ndi magulu omvera pamodzi.

Podikasiti imawerengedwa ndi makina a pa intaneti, amene amalemba kangati nkhani yatengedwa ndiponso dziko lotengerako. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha: nkhani ya Chitonga yotengedwa kamodzi ku Johannesburg, kumene ana a ku Nkhata Bay akhala akupita kukagwira ntchito kuyambira kale, ikatumizidwa kwao pa WhatsApp ikhoza kumvedwa ndi mudzi wathunthu, ndipo msinkhu, ngati walembedwa, uli wa mwini foni amene anaitenga yekha, agogo omvera kumudzi osawerengedwa.